Nthondo akutikanganitsabe

Anthu owerenga Nthondo, buku la a Samuel Josiah Nthara lomwe linatuluka mu 1933, sagwirizana mpaka lero. Ena amati ndi ulaliki chabe: mnyamata wovuta, wakuba, akula, alowa ufumu, kenako atembenuka mtima nʼkukhala Mkhristu. Amati nanga mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma akanalemba zotani?

Ine ndimakana. Inde, mathero ake akununkha tchalitchi, koma tawerengani bwino masamba a pakatiwo. Muli mudzi wa Achewa wamoyo: kubadwa kwa mwana, maliro, milandu pabwalo, mantha a ufiti, mawu a akuluakulu. A Nthara ankawadziwa anthu amenewa, ndipo ankawakonda. Agogo ambiri akamva bukuli likuwerengedwa mokweza safunsa za amishoni ayi, amangogwedeza mutu nʼkumati kwathu zinkachitika choncho.

Chimene chimandipweteka nʼchakuti achinyamata ena amalitaya asanalitsegule, poti nʼlakale komanso nʼlachichewa. Pomwe azungu analimasulira mʼChingerezi kale mu 1934! Amene muli nalo mʼnyumba, chonde abwerekeni ana awerenge, kenako mudzatiuze mbali yomwe aima.