Ku Mphangwe tsatirani galu, foni isiyeni m'thumba

Imwe amene mumaponda ku Katete kamodzi pa chaka, Loweruka lomaliza la Ogasiti, kukaonera Kulamba ku Mkaika, mujambule gule, mudye nyama yowotcha, Sande m'mawa muli kale m'basi kubwerera ku Lusaka, ndikufunseniko: munakwezapo maso kuona mapiri aja oyang'ana tauni? Aja ndiwo mapiri a Mphangwe. Dzina mulidziwa, mwina munamverako Mphangwe FM, koma phazi lanu silinapondeko. Musachite manyazi, nanenso ndinali chimodzimodzi mpaka chaka chino.

Mwambo utatha ndinatsalira masiku awiri kwa amalume, m'mudzi wina wa m'munsi mwa mapiriwo. Madzulo tili pamoto ndinangokamba mwamatama kuti mawa ndikwera phiri, ndikajambule selfie ya pa Facebook. Amalume anayang'ana nsapato zanga zoyera za m'tauni, naseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, upite ndi msuweni wako, ndipo agalu usawasiye. Njira aidziwa kupambana foni yakoyo."

Manje mvetserani za agaluwo. Si aja a kumayadi ogona pa sofa, odya chakudya cha m'paketi, okhala ndi akaunti yawoyawo pa Instagram. Awa ndi agalu a kumudzi, ofiirira, owonda m'chiuno, makutu ali tcheru, aja amene m'komboni timawatolera miyala tikangowaona. Wamkulu ndi wamkazi, dzina lake Asiyeni. Kum'mawa kuno dzina la galu limakhala uthenga: ukayambana ndi aneba sutukwana ayi, umangotcha galu dzina, basi tsiku lililonse ukamamuitana uthenga ukufika kuseri kwa mpanda. Wamng'ono ndi mwana wake wamphongo, Danger, wamphamvu maningi koma nzeru zikali m'njira.

Tinanyamuka tambala atalira kachiwiri, mphepo ya Ogasiti ikuwomba ngati ili ndi mlandu nafe. Msuweni wanga ananyamula kankhwangwa paphewa ndi chigubu cha madzi, ine botolo la maheu, mbatata zowotcha ndi foni. Poyamba mumadutsa m'minda yokololedwa, mapesi a chimanga ndi zitsa za thonje, kenako lupsa, tchire lotenthedwa lakuda bii, mmene anyamata amakumba mbewa nyengo ino. Pasanathe mphindi makumi awiri nsapato zanga zoyera zija zinali zitasanduka za wogulitsa makala.

Phiri lenilenilo likayamba, njira imatha. Musayembekeze zikwangwani kapena masitepe. Pali matanthwe otambalala ngati bwalo la mpira, zimiyala zosanjikizana ngati wina anaziunjika dala, ndi mitengo ya miombo ndi misuku yomera m'ming'alu. Miombo inali itayamba kuphuka masamba atsopano ofiira, moti kwinaku phiri limaoneka ngati layaka moto. Penapake muyenera kugwira ndi manja, penapake kutsetsereka ndi matako, ndipo palibe amene adzakusekani kupatula anyani.

Apa mpamene ndinayamba kumumvetsa Asiyeni. Iye sathamanga. Amapita patsogolo pang'ono, kuima pamwala, kucheuka, kudikira. Pamene ine ndimaona khoma chabe, iye amadziwa kampata kolowera pakati pa miyala iwiri. Ndinayesa kuchita zanga kamodzi, ati njira yachidule, ndinakathera pa chitedze. Ngati simuchidziwa chitedze, thokozani Mulungu. Ndi nyemba za m'tchire zaubweya, ndipo ubweyawo ukakugwerani pakhosi mumavina gule wopanda ng'oma. Msuweni anaseka mpaka kukhala pansi. "Asuweni, mwaona galu wapita uko, imwe mufuna chiyani kuno?"

Chapatsogolo panachitika china chimene sichinali choseketsa. Tikukwera kakhwawa kouma kodzala masamba, Asiyeni anangoima njo, ubweya wa pamsana utaimirira, akulira chapansipansi. Msuweni anandikoka malaya osakamba kanthu. Ndinayang'ana, sindinaone chilichonse. Analoza ndi nkhwangwa, ndiye ndinaiona: mphiri, yonenepa ngati mkono wanga, itagona pamasamba, mtundu wake ndendende ndi masambawo. Njoka zambiri zikamva mapazi zimathawa, koma mphiri imangokhala phee kudalira kuti simuiona, n'chifukwa chake imaluma anthu ambiri. Panatsala mapazi atatu kapena anayi kuti ndiiponde. Tinaizungulira patali, msuweni atagwira Danger pakhosi, pakuti mnyamata uja amafuna ndeu. Mwandi, miyendo yanga inanjenjemera mpaka pamwamba.

Tinapumula pansi pa chimwala chopendekeka ngati khonde. Malo otere anthu anayamba kale kubisalamo. M'boma lomweli la Katete muli phanga la Makwe, lotetezedwa ndi boma, kumene akatswiri anafukula zida zamiyala za anthu a zaka masauzande zapitazo. Ukakhala pamthunzi wotere, mphepo ikudutsa, agalu atagona pamapazi ako, umamvetsa chimene anakondera.

Pamwamba pake, ah, zimenezo muzikadzionera nokha. Tauni yonse ili pansi ngati zoseweretsa za ana, malata akung'anima, Great East Road itatambalala, malole akukwawa ngati nyerere, ena kulowera ku Chipata, ena ku Sinda ndi Petauke. Kum'mwera dziko limapita mpaka kuzimiririka mu utsi, kumene msewu wa ku Chanida umakalowa ku Mozambique. Kulibe DJ, kulibe ng'wang'wazi wokukokerani chikwama, kulibe landilodi. Ine amene ndimadya ndalama ya phokoso, Lachisanu lililonse ndili pafupi ndi sipika, ndinakhala chete nthawi yaitali mpaka msuweni anafunsa ngati ndadwala. Selfie ndinajambula imodzi chabe. Tinagawana mbatata anayi, anthu awiri ndi agalu awiri, ndipo madzi a agalu tinawathira m'kabowo ka pathanthwe.

Mavuto anatipeza potsika. Danger anaona mbira, tinyama tija tonenepa topanda mchira tokhala m'miyala, n'kuuyatsa liwiro kulowa m'tchire. Tinamva kukuwa, kenako kulira kumene sindifuna kukumvanso. Tinamupeza atakodwa mwendo wakutsogolo mumsampha wa waya umene wina anatchera nyama. Msampha wotere ukamakoka ndi pamene umathina, ndipo iye amakoka ndi mphamvu zake zonse. Waya unali utalowa kale m'khungu, magazi ali chuchuchu.

Ine ndinathamangira kuti ndimugwire, msuweni anandikalipira. "Osayesa! Galu akamva kuwawa aluma ngakhale mwini wake." Anavula malaya, namufunditsa kumutu, nandiuza kuti ndimupanikize pansi. Anaika waya pamwala n'kuudula ndi nkhwangwa, kenako n'kumasula pang'onopang'ono. Ngakhale tinasamala choncho, dzino linamukanda msuweni padzanja. Asiyeni nthawi yonseyi anali akuzungulira, akulira, osatichotsa maso.

Danger sakanatha kuponda. Tinamunyamula mosinthana paphewa ngati mbuzi ya pa Khrisimasi, kutsika matanthwe omwe aja dzuwa lili pamutu. Ine amene m'mawa sindimafuna kuti galu andinunkhize buluku, ndinafika m'mudzi malaya onse ali magazi ndi ubweya, msana ukulira. Msampha uja sunasankhe. Tsiku limenelo unagwira galu, tsiku lina ukhoza kugwira mbuzi ya munthu kapena mwana wotola nkhuni. Amene amatchera ndikudziwa kuti ndiwo zavuta, koma kusaka nyama popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Zambia Wildlife Act ya 2015, ndipo waya ukaiwalika m'tchire umapitiriza kugwira.

Kunyumba amalume sanayambe ndi galu, anayamba ndi dzanja la mwana wawo. Analitsukitsa ndi sopo ndi madzi ambiri, kenako analowa m'nyumba n'kutulutsa kapepala kopindapinda m'Baibulo: umboni wakuti agalu onse awiri anabayidwa katemera wa chiwewe chaka chino. Komabe anamutumiza kukiliniki kuti akamuone. Apa ndikamba nanu mosaseka. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, pafupifupi palibe amene amachira. Galu akakulumani kapena kukukandani ndi dzino, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Osati mawa, osati kukazinga ubweya wa galuyo n'kupaka pabala monga ena amachitira. Ngati muli ndi galu ku Kanyama, ku Mtendere kapena ku Chawama, mupite naye kwa a vetenale akabayidwe. Pa 28 Seputembala dziko lonse lapansi limakumbukira za matendawa, ndiye mwezi umenewu ndi wabwino kufunsa za katemera kwanu.

Ngati mwakopeka, ulendo wake si wovuta. Kwerani basi ya ku Chipata pa Intercity m'mamawa, mudutse Chongwe, Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke ndi Sinda, pafupifupi makilomita 500, mutsike pa Katete. A ku Chipata kwa imwe ndi pafupi, makilomita osakwana 100. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala thanthwe limatentha ngati chiwaya moti limawotcha mapazi a galu, ndipo nthawi ya mvula limaterera, udzu n'kutalika kubisa zonse.

Musakwere nokha. Pezani munthu wa m'mudzi wodziwa phirilo, mupereke moni kwa amfumu, ndipo mufunse kumene simuyenera kupita. Kuno ndi kwa Gawa Undi, kuli manda ndi madambwe, malo amene mlendo salowa chilowelowe. Wokuperekezaniyo mumupatseko kangachepe, wasiya ntchito zake chifukwa cha imwe. Valani nsapato zogwira pamwala ndi buluku lalitali, mapatapata asiyeni kubafa. Madzi nyamulani okwanira imwe ndi agalu. Amene munagona ndi babalazi dikirani tsiku lina, phiri silithawa. Fodya ndi machesi samalani nazo, udzu wouma suchedwa. Ndipo ngati mufuna kubwera ndi galu wanu wa m'tauni, akhale pa chingwe: sadziwa mphiri, sadziwa msampha, ndipo nyani wamphongo ali ndi mano otha kumung'amba. Mukatsika muyang'aneni nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala.

Sabata yatha msuweni ananditumira kavidiyo pa WhatsApp. Dzanja lake linapola, ndipo Danger akuyenda, akutsimphina pang'ono, wayambanso kuthamangitsa nkhuku za aneba. Asiyeni ali gone pakhonde ngati sizimukhudza. Ndinatumiza kandalama ka kapenta, ndinanenetsa kuti ndi ka agalu, ngakhale ndikudziwa kuti amalume alawako.

Kuno ku komboni kwathu kuli kagalu kofiirira kamene kamagona kuseri kwa kantemba, ndipo kale ndikamadutsa usiku ndimawerama ngati ndikutola mwala. Manje ndinaleka. Dzulo ndinafunsa mwini kantembayo ngati kanabayidwa katemera. Anandiyang'ana ngati ndapenga, ati galu wa chabechabe uyu? Tagwirizana kuti Loweruka tipita nako limodzi, ya transipoti ndilipira ine.