Maso Awiri, Ulendo Umodzi

Kwathu ku Kasisi, m'boma la Chikwawa, munthu wachikulire akayamba kuona ngati kunja kuli chifunga timangoti ndi ukalamba. Komatu nthawi zambiri imakhala ng'ala, nthenda imene yachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse kuposa ina iliyonse. Mwayi wake imachizika: dotolo amachotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita mbuu n'kuikamo kena kochita kupanga. Nanga ng'ala ikagwira maso onse, apalidwe tsiku limodzi kapena lina lidikire?

Madotolo ambiri amayamba ndi diso limodzi, linalo pakapita masabata angapo. Chifukwa chake n'chomveka. Tizilombo tikalowa m'diso pa opaleshoni, disolo likhoza kuferatu. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zitagwera maso onse awiri, munthu sadzaonanso. Komanso diso loyamba likapola, dotolo amadziwa ngati anayeza bwino mphamvu ya kagalasi. Kumene amapala onse tsiku limodzi, monga ku Finland ndi ku Sweden, diso lililonse amalitenga ngati wodwala payekha: zida zake, mankhwala ake, ndipo dotolo amasambanso m'manja.

Koma kudikira nako kuli ndi mtengo wake. Agogo anga anawapala diso lakumanja ku Blantyre kumapeto kwa 2021. Kuti akafike, tinagulitsa mbuzi, amayi n'kusiya kumunda kukakhala owadikirira. Anakwera kabaza mpaka pa Dyeratu, kenako minibasi yowoloka Shire, kudutsa pa Thabwa n'kukwera mapiri. Atachotsa bandeji anaona, ndipo anauzidwa kuti adzabwerenso. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula msewu wa M1 n'kukokolola mbewu. Ndalama ya ulendo wachiwiri inagula ufa. Mpaka lero akamathira madzi m'kapu ena amatayikira pambali, poti diso limodzi siliyeza bwino mtunda.

Sindikunena kuti madotolo azipupuluma, pajatu kuthamanga sikufika. Pamene palibe zida zokwanira diso lililonse, kudikira ndiyo nzeru. Koma polangiza wodwala, tisamangowerengera tizilombo tokha. Tiwerengerenso mtunda, nyengo ndi thumba lake. Ngati sangapalidwe onse tsiku limodzi, diso lachiwiri lizipalidwira pafupi, pachipatala cha boma, pa tsiku lodziwika ndiponso m'chilimwe. Kwa munthu wakumudzi, mawu oti "mudzabwerenso" kawirikawiri amatanthauza kuti diso linalo latsala mumdima.