Usadikire kapitawo

Mponela, Dowa

Mwana wanga wokondedwa,

Usiku uja tikutong'ola chimanga pakhonde, unati wawerenga za anthu otchedwa ma-anarchist, amene amati munthu angathe kukhala bwino popanda womulamulira. Amayi ako anadzidzimuka, ankayesa ukunena zachipwirikiti, zoswa masitolo ndi kuotcha matayala pamsewu wa M1. Ine ndinangoti chete. Poti mawa ukukwera minibasi ya ku Lilongwe, ndati ndikuyankhe papepala.

Buku la Peter Kropotkin lija, Mutual Aid la 1902, limene unasiya patebulo, ndaliwerenga pang'onopang'ono. Mkulu wa ku Russia ameneyu akuti zamoyo zimapulumuka chifukwa chothandizana, osati kulimbana kokha. Ndinazizwa, chifukwa agogo ako sanapondeko m'kalasi koma zimenezi ankazichita. Munda ukawakulira ankaphika thobwa n'kuitana dima. Anthu ankafika mbandakucha, makasu paphewa, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mizere yatha. Panalibe kapitawo, panalibe kaundula. Wojomba sankamangidwa, koma ankadziwa kuti tsiku la munda wake adzawerama yekha.

Taonanso banki m'khonde ya amayi ako. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali m'manja mwa amayi atatu osiyana, ndalama zimawerengedwa pamphasa aliyense akuona. Malamulo anapangana okha, n'chifukwa chake amawasunga.

Mbali inayo ndikuidziwanso. Nthawi ya chipani chimodzi, munthu sankalowa mumsika wopanda khadi, ndipo ku Dzaleka, kumene kwakhala othawa kwawo kuyambira 1994, kunali ndende ya andale. Tinkawomba m'manja mitima ili kwina. Referendamu ya pa 14 June 1993 inatsegula pakamwa pathu, koma mantha aja ena a ife sanatichokebe mpaka lero. Chimene chimandiwawa n'chakuti mantha amaphunzitsa munthu kuchita bwino pokhapokha wina akumuyang'ana. Sindifuna utengere zimenezo.

Tsono ukafika kuntchito, gwira chimodzimodzi abwana alipo kapena palibe. Akakutuma chinthu chimene mtima wako ukukana, monga kusintha manambala kapena kunamizira mnzako, ukane mwaulemu, maso ali pamaso. Ulemu upereke kwa aliyense, mlonda wa pageti ndi mwini kampani mofanana. Kugwada chifukwa cha mpando kokha ndiko ndikukuletsa. Apa mwina tisiyana pang'ono ndi mabuku ako: ine afumu ndimawalemekeza, msonkho ndimalipira, chifukwa mlandu wa malire ndi mankhwala a kuchipatala zimafuna pogwira.

Koma chovuta kwambiri si kukana kulamulidwa ayi. Ndi tsiku limene iwe udzakhale ndi wantchito wa pakhomo, kapena mkazi ndi ana. Ndaona anthu olankhula bwino za ufulu pamsonkhano, kunyumba kwawo mwana akamva mapazi awo amathawira kuseri. Pamenepo ndi pamene ndidzadziwe ngati unamvetsa zimene unawerenga.

Amayi ako aika ufa ndi mtedza m'thumba labuluu. Mtedzawo ndi wambiri dala, ugawireko amene ukakhale nawo nyumba. Ukatsika kudepoti utiimbire, foni ikhala ili m'manja.

Ndine,
Bambo ako