Pentium 166 imene tinaithamangitsa pa 200

Ngati munabadwa pambuyo pa 2000, mwina jumper simunaionepo. Ni kapulasitiki kakuda kapena kabuluu, kocepa kupambana kambewu ka cimanga, ndipo mkati mwake muli kansimbi. Pa motherboard ya kompyuta yakale pamakhala tumapini toimilila tuwili-tuwili olo tutatu-tutatu. Mukaveka kapulasitiki kaja pa tumapini tuwili, malaiti amadutsa. Mukakacotsa, njila yatsekeka. Nchito yake ni imeneyo cabe. Koma pa makompyuta ambili a m'ma 1990, tumapulasitiki tumenetu ndiye tunali kuuza processor sipidi yothamangila, ndipo aliyense wokhala na screwdriver na mtima wolimba anali kukwanitsa kuisintha. Kuthamangitsa processor kupitilila sipidi imene anailembela ku fakitale ndiye kumene amati overclocking.

Ise makina amenewa anatipeza mocedwa. Kumene anapangidwila anali atatha kale fashoni, ndiye pamene anayamba kufika kuno monga salaula, kupitila m'masukulu, m'machalichi na m'mabungwe othandiza. Pa wailesi yathu ya m'dela, kumene tonse timasewenza modzipeleka, tinalandila imodzi yotele: bokosi loyela limene linali litayamba kufiilila, Pentium MMX 166, Windows 98. Ndiyo inali kompyuta yokonzela mawu. Pulogilamu ya alimi, ya zaumoyo, zilengezo za malilo, ma jingle, zonse zinali kudutsa m'menemo. Kusandutsa pulogilamu yaitali kuti ikhale MP3 kunali kutenga nthawi yakuti munthu apite kukagula vitumbuwa, adye, abwele, apeze kamzele kakali kukwawa. Ndalama yogulila ina kunalibe, ndipo palibe amene anali kuyembekezela kuti idzapezeka caka cimeneco.

Masamu ake ni apafupi. Pa motherboard pali kakoloko kamodzi kamene kamaimbila onse ng'oma. Ng'oma imeneyi amaicha bus, ndipo pa makina athu inali kugunda maulendo 66 miliyoni pa sekondi, kumene ni 66 MHz, olo kuti kwenikweni ni 66.6. Processor imavina mothamanga kupambana ng'oma. Pa kugunda kulikonse imaponda kangapo, ndipo ciwelengelo ca mapondedwe ake ndico multiplier. Pentium 133 ni 66 kuculukitsa na 2. Pentium 166 ni 66 kuculukitsa na 2.5. Pentium 200 ni 66 kuculukitsa na 3. Zonsezi zinali zolembedwa pa motherboard penipeni, m'tumatebulo twa zilembo zoyela: JP iyi ikani pa 1-2, JP iyo pa 2-3. Processor ya nthawi ija siinali kudzisankhila sipidi. Inali kumvela zimene ma jumper akamba, olo akambe zabodza.

Cimene cinatidabwitsa maningi n'cakuti 166 na 200 ni ana a mimba imodzi. Ku fakitale amazipanga mofanana, kenako amaziyesa imodzi-imodzi, ndipo imene yapilila sipidi yapamwamba amailemba nambala yaikulu na mtengo waukulu. Nthawi zina zopilila zimaculuka kupambana anthu ofuna kulipila mtengo waukuluwo, ndiye zina zabwino-bwino amazilemba nambala yaing'ono kuti zigulike. Conco 166 yolembedwa pamwamba paja ni lonjezo la kampani lakuti mpaka apa tikutsimikizilani. Kupitilila apo ni mwayi wanu. Ina idzathamanga pa 200 zaka na zaka, ina idzakana tsiku loyamba, ndipo mwa kuiyangana cabe simungadziwe kuti mwagwila iti.

Panali njila ziwili, ndipo apa ndiye panabuka mkangano umene unatenga masiku. Yoyamba ni kukweza multiplier, kucoka pa 2.5 kufika pa 3, ng'oma n'kuisiya mmene ilili. Yaciwili ni kufulumizitsa ng'oma yeniyeniyo. Motherboard yathu inali na malo a 75 MHz, ndipo 75 kuculukitsa na 3 ni 225. Acinyamata pakati pathu anali atakopeka kale na 225. Vuto n'lakuti ng'oma ija siimbila processor yokha. Pa ma motherboard ambili a Socket 7, mbali yochedwa PCI imayenda pa hafu ya sipidi ya bus. Bus ikakhala pa 66, PCI ili pa 33, pamene inapangidwila. Bus ikakwela pa 75, PCI yafika pa 37.5, ndipo pa 83 yapitilila 41. Pa PCI ndiye pamadalila makhadi ambili omangilila m'kompyuta, ndiponso ndiye njila imene zinthu zimadutsila popita ku hard disk. Woimba ng'oma akathamanga, amavina mothamanga ni bwalo lonse, kuphatikizapo okalamba amene miyendo yawo siingakwanitse. Hard disk ikalephela kutsatila siikuwa. Imangolemba zinthu molakwika mwakacetecete, ndipo mumadzadziwa pambuyo pake, tsiku limene faelo yakana kutseguka.

Pa hard disk ija panali mawu a anthu. Panali agogo amene anatifotokozela mmene komboni yathu inayambila, panali nyimbo za amayi a kwaya zimene sizinajambulidwepo kwina kulikonse, ndipo ena mwa anthu amenewo anali atatisiya kale. Cosungilapo cina ca zonsezo tinalibe. Amdala amene anali kusamalila transmitter, munthu wosakamba-kamba, anatifunsa cabe kuti processor ikapsa tingapemphe ina, nanga mawu a agogo aja tikawapempha kwa ndani. Nkhani ya 225 inathela pamenepo.

Nchito yeniyeniyo siinatenge na mphindi zisanu. Tinazima kompyuta, tinazula nthambo ya malaiti, ndipo wogwila nchitoyo anayamba wakhudza nsimbi ya bokosi kuti malaiti a m'thupi asaononge kanthu. Anasuntha jumper imodzi cabe. Titayatsa, pamwamba pa sikilini yakuda paja panalembeka 200 MHz, ndipo tinakuwa monga Chipolopolo yagoletsa. Ma jumper a voltage sitinawakhudze. Pentium MMX imafuna 2.8 V mkati mwake, pamene Pentium yakale yopanda MMX inali kudya 3.3 V kapena kupitililako pang'ono, ndipo ma jumper a zonsezi anali pa motherboard imodzi-modziyo. Akatswili a overclocking amakweza voltage pang'ono kuti processor ikhazikike, koma kutentha kumakwela mofulumila kupambana voltage imene mwawonjezela, ndipo ife tinalibe processor yaciwili yophunzililapo.

Kuyaka kwa kompyuta sikutanthauza kuti zatheka. Processor yopanikizidwa ingasewenze bwino kuseni, n'kuuma masana pakati pa nchito, olo kuonetsa sikilini yabuluu pamene mwatsala pang'ono kutsiliza. Amene analemba malangizo ambili a zinthu izi anali kukhala ku maiko ozizila. Ise tili na October. Kompyuta imene yapambana mayeso mu June siinayesedwe, cifukwa mu June na munthu amene amafuna juzi. Mayeso enieni ni 14 hours mu October, m'kacipinda ka malata kotsekedwa mawindo kuti congo ca panja cisalowe m'maikolofoni. Tinacotsa fumbi limene linali litaundana pa heatsink monga thonje, tinapaka thermal paste yatsopano, ndipo tinaipatsa mafaelo aatali kuti isandutse motsatizana masana onse kwa mlungu wathunthu. Feni tinali kuimvetsela monga mwana wodwala, cifukwa ma processor a nthawi ija sanali kudzicepetsela sipidi akatentha. Feni ikaima, iwo amapitiliza mpaka kompyuta iume.

Inapilila. Phindu lake pa pepala ni 20 pelesenti, ndipo pa nchito yosandutsa MP3, imene imadalila kwambili processor, ola limodzi linatsika kufika ca m'ma mphindi 50. Pa zina zonse kusiyana kunali kocepa, popeza RAM na hard disk zinali zimodzi-modzi. Wina angaseke kuti mkangano wonse uja unali wa mphindi 10. Amene anakhalapo mu studio, pulogilamu ikali m'kompyuta ndipo woulutsa wayamba kubweleza nyimbo imodzi kaciwili, sangaseke.

Khomo limeneli linayamba kutsekeka tisanalipeze n'komwe. Ogulitsa ena osaona mtima anali kufuta nambala pa processor yochipa na kulembapo yaikulu, ndipo pofika mu 1998 Intel inali itayamba kukhoma multiplier kuti isasinthike. Anthu anatembenukila ku bus. Celeron 300A ya caka cimeneco inachuka cifukwa ca ici: multiplier yake inali yokhoma pa 4.5, koma mukakweza bus kucoka pa 66 kufika pa 100, 300 MHz inali kukhala 450. Ubwino wake, pa ma motherboard a 440BX, bus ikafika pa 100 PCI inali kugawidwa patatu n'kukhalabe pa 33, ndiye hard disk siinali kuvutika. Kampani ya ABIT inasamutsila zonsezi mu BIOS, kuti munthu asinthe na keyboard osatsegula bokosi. Ca m'ma 2000, eni ake a AMD Athlon na Duron anali kutsegula multiplier mwa kulemba na pensulo pa tumilatho twa L1 pamwamba pa processor, cifukwa graphite ya mu pensulo imadutsa malaiti. Lelo Intel imagulitsa ufulu umenewo padela, pa ma processor okhala na cilembo K, pamene ma Ryzen a AMD a pa desktop anabwela otsegula kucokela mu 2017.

Foni imene mukuwelengelapo izi ni yamphamvu kupambana kompyuta ija kutali-tali, ndipo sitikuilakalaka Pentium 166. Cimene timayewa ni makina amene anali kubwela na malangizo olembedwa pathupi pake, monga kuti wopangayo anali kuyembekezela kuti tsiku lina mudzatsegula. Foni ya manje ni yomata na guluu, imadzikwezela sipidi yokha, imadzitsitsila yokha ikatentha, ndipo siikufunsani. Anyamata okonza mafoni ku Katondo Street na ku Town Centre amaitsegulabe, na mpweya wotentha na YouTube, popanda katebulo kalikonse kowauza kuti 1-2 ni ciani. Nchito yawo ni yovuta kupambana imene ife tinacita.

Mukapeza mpata wotsegula desktop yatsopano, yanganani pafupi na kabatili kozungulila kooneka monga kobili. Pa ma motherboard ambili mudzapeza tumapini tuwili olo tutatu tolembedwa CLR_CMOS kapena CLRTC. Mukasintha sipidi mu BIOS kompyuta n'kukana kuyaka, mumazula nthambo ya malaiti, mumalumikiza tumapini tumeneto kwa masekondi ocepa, ndipo zonse zimabwelela mmene zinacokela ku fakitale.