Kagalimoto ka Mipando Iwiri

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za kagalimoto kena kamene kanalowa m'banja mwathu. Ambiri a inu muli nao ana ku tauni, ndipo tsiku lina mwana adzafika nadzati, "Ndapeza galimoto yakale yochipa, ndithandizeni." Mau amenewa anatifikira ifenso, ndipo tinawayankha ndi ng'ombe zitatu za malemu atate athu.

Wopemphayo ndiye mphwathu, amene agwira nchito ya ukalaliki ku Lilongwe. Mtima wace sunali pa galimoto yonyamula matumba, iai. Unali pa kagalimoto kofiira, kosafika pa cifuwa ca munthu woimirira, ka mipando iwiri yokha, ndi denga la nsaru lopinda ndi dzanja. Dzina lace Mazda Roadster. Mtundu uwu aupanga ku Hiroshima m'dziko la Japan, ndipo unaonetsedwa poyamba ku Chicago caka ca 1989. Ku America aucha Miata, ku Ulaya MX-5, ndipo pofika 2016 anali atapanga miliyoni imodzi. Kathuka n'ka caka ca 2001, ka injini ya malita 1.6, kolemera makilogalamu 1,000 ndi pang'ono. Ubwino wace suli m'mphamvu, koma m'kupepuka: pokhota kamvera dzanja monga bwato laling'ono limvera nkhafi.

Musazizwe kuti kanafika bwanji kuno. Ku Japan lamulo liti galimoto iyesedwe ikatha zaka zitatu, ndipo pambuyo pace zaka ziwiri ziri zonse. Kuyesako kudya ndalama, cotero eni ace ambiri agulitsa, ndipo zombo zitula galimotozo ku Dar es Salaam, nizilowa kuno pa Songwe. Kathu kanali katapita kale m'manja mwa anthu awiri kuno kwathu.

Cinthu cimodzi tinacita mwanzeru: sitinapita tokha kukaona. Tinatenga makaniko wina wacikulire, amene anati tifike mamawa injini isanalizidwe, pakuti injini yofunda ibisa matenda ace. Atate athu pogula ng'ombe sanali kuyang'ana maanga, koma mano ndi ziboda. Momwemonso mkuru uyu sanasamala utoto wofiira umene ife tinali kuusisita. Anayala thumba pansi, nagona cagada, nayamba kugogoda zitsulo za m'nthiti, kunsi kwa zitseko. Anatiuza kuti mdani wa timagalimoto totere ndi dzimbiri. Madzi a mvula otsika pa denga la nsaru alowa m'kangalande kumbuyo kwa mipando, naturukira pansi m'timipopi. Timipopito tikatsekeka ndi masamba ndi pfumbi, madzi agona m'citsulo nacidya kuyambira m'kati, kunja utoto uli kuwala. Paja akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Atadzuka anatsegula cotsekera ca oilo kuona ngati pali thobvu loyera ngati mkaka, cizindikiro cakuti madzi alowa m'injini. Poliza injini anaima kumbuyo kuyang'ana utsi, pakuti utsi wabuluu uulula injini yodya oilo. Anatisonyeza manambala anai olembedwa pa tayala: awiri oyamba anena mlungu, awiri otsiriza caka cimene tayalalo linapangidwa. Analinganiza nambala yodindidwa pa citsulo ndi yolembedwa m'bulubuku, buku la umwini. Anafunsanso za lamba wa m'injini, woyenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 ali onse. Wogulitsayo sanadziwa tsiku limene anasinthidwa.

Potsiriza anaika cala pa mutu wa lediyeta, mosungira madzi oziziritsa injini. Mutuwo ngwa pulasitiki. Ukakhala watsopano ngwakuda, koma wathu unali wofiirira ngati fodya wouma. Mkuruyo anati, "Ana anga, kagalimoto n'kabwino, gulani. Koma ici musinthe musanakwere naco phiri."

Tinabvomera ndi pakamwa. Koma ndalama zotsala mphwathu anagulira wailesi ndi marimu onyezimira, ndipo ife, amene tinali mkuru wace, sitinamletsa. Tisabise: tinakondwera ndithu kukhala pa mpando winawo, denga litapindidwa, mphepo ya ku nyanja iri kutiomba, ana ali kuthamangira m'mbali mwa mseu wa ku Mtakataka. Cimwemweco cinali coona, ndipo siticinyoza ngakhale lero. Koma cinatiiwalitsa cala ca mkuru uja.

Tsono amai athu anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo anawapatsa tsiku lokawacita opareshoni ku cipatala ca Nkhoma. Apa tinayamba kuona tanthauzo la mipando iwiri: mlongo wathu, amene anayenera kukawadikirira, anatsogola pa minibasi, ndipo ife tinatsala pakhomo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la m'cigwa liri kuphika. Ananyamuka awiri, napyola Golomoti, nayamba kukwera mseu wokhotakhota wa Khwekhwelere wonka ku Masasa. Ali pakati pa phiri, muvi wosonyeza kutentha unakwera, nthunzi niyamba kuturuka kutsogolo. Mutu wa lediyeta unali utang'ambika.

Pamenepo mphwathu anacita bwino. Anaima nthawi yomweyo nazima injini, osati, "Ndingofika pamwamba." Mutu wa injini iyi ngwa aluminiyamu, ndipo ukatentha kopitirira upindika, akadapitiriza, ng'ombe zonse zitatu zikadapsera pa phiripo. Sanatsegulanso cotsekera ca madzi, pakuti madzi owira akadamlumphira kumaso. Anatiitana pa lamya, ndipo tinafika pa njinga yamoto dzuwa litapendeka. Tinapeza amai atakhala pa mwala pansi pa mtengo, kamtolo kao pa miyendo. Atamva mapazi athu anatembenuza nkhope, nati, "Ndiwe, mwananga? Ng'ombe za atate ako sizinaimepo pa phiri." Sanaonjeza mau ena. Mphwathu anati, "Acimwene, ndalakwa ine." Koma tinadziwa mumtima kuti cala cija cinaloza tonse awiri.

Tsiku la ku cipatala linapita, ndipo lina anatipatsa patapita milungu isanu. Milungu isanu imeneyo amai anayenda cofufuza khoma ndi dzanja, mdzukulu ali kuwatsogolera ku bafa. Uwu ndiwo unali mtengo weniweni wa marimu onyezimira.

Ndalama nazo zinaturuka. Zitsulo za galimoto zofala muzipeza pa msika uli wonse, koma za kagalimoto kosowa ngati aka n'zoitanitsa kunja. Lediyeta yathu inacokera ku South Africa, ndipo tinaidikira milungu itatu. Makaniko uja anati popeza kutsogolo kwatseguka, tisinthiretu lamba ndi pampu ya madzi. Tinagulitsa mtedza umene tinasungira feteleza. Walira mvula walira matope.

Kuyambira pamenepo tinaika malamulo, ndipo tiwasunga. Muli kabuku m'galimotomo, molemba tsiku ndi makilomita a cinthu ciri conse casinthidwa. Oilo tisintha pa makilomita 5,000 cifukwa ca pfumbi la kwathu. Mvula yoyamba isanagwe titokosa timipopi tija ndi kawaya, ndipo sitiimika kagalimoto pansi pa mango, koma m'cisakasa. Loweruka liri lonse mphwathu ayang'ana madzi ndi oilo injini iri yozizira. Mimba yace iri pafupi ndi nthaka, cotero m'dzinja kagona kwa mbale wathu m'mbali mwa tala, ndipo kumudzi tifika ndi miyendo. Koposa zonse, mphwathu apatula ndalama mwezi ndi mwezi, kaonongeke kasaonongeke, pakuti ng'ombe idya ngakhale tsiku limene siinalima.

Cotero, abale, mwana wanu akadza ndi pempho lotere, musamkanize msanga, ndipo musambvomere msanga. Mfunseni ngati wapeza munthu wogona pansi pa galimotoyo. Mfunseni kumene zitsulo zace zigulidwa. Mfunseninso ndalama zimene zidzatsala m'thumba atalipira, pakuti galimoto yakale igulidwa kawiri: pa tsiku la malonda, ndi pa masiku onse otsatira. Ndipo wodziwa akaloza cinthu ndi cala, cimeneco ciyambe.

Ulendo waciwiri kagalimoto kanakwera Khwekhwelere muvi uli phee pakati. Pobwera, diso limodzi litatseguka, amai anapempha kuti aime pang'ono pa phiri. Mphwathu anapinda denga, nawabveka cipewa cifukwa ca kuwala. Anayang'ana kunsi nthawi yaitali, cigwa conse ciri poyera, ndi nyanja iri mbee kutali. Ndipo anati, "Kodi kagalimoto kako n'kofiira? Ine ndinayesa n'kakuda."