Kwa amene mukuthamangira mayeso a PMP

Anzanga amene mukulemba PMP mwezi wamawa, musathere usiku wonse mukuloweza buku la PMBOK. Ambiri mwa mafunso 180 a mayesowa safuna matanthauzo. Amakupatsani vuto, mwina kontrakitala wachedwetsa ntchito kapena anthu a m'gulu lanu ayambana, n'kufunsa chomwe mungayambe kuchita. Choncho yankhani mafunso oyeserera tsiku lililonse, ndipo pomwe mwaphonya fufuzani chifukwa chake, osangopitirira. Tsiku lina khalani pansi maola pafupifupi 4 mukuyankha mafunso ngati tsiku lenileni la mayeso, poti mutu umatopa mafunso asanathe. Agile musaidumphe chonde, chiyambire 2021 ili ponseponse m'mayesowa. Ndikunena izi chifukwa malipiro a mayesowa ndi a madola, ndipo kulipira kawiri kumawawa.