Kalawi Kozimazima

Achinyamata anzathu, mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri la Malosa, madzi osamba kuno ku Domasi amazizira koopsa. Ambirife timawatenthetsa pa mbaula, koma chotenthetsera madzi cha gasi chimadalira kalawi kakang'ono koyaka usana ndi usiku. Kalawiko kamatenthetsa kachitsulo kotchedwa thermocouple, ndipo kachitsuloko kakazizira, gasi amatsekeka yekha kuti asadzaze m'nyumba. Choncho kalawi kakamazimazima, tisakakamire kuyatsa. Tiyambe tafufuza: mwina mphepo ikukauzira, mwina mwaye watseka kabowo kotulukira gasi, mwinanso kachitsuloko katha ntchito. Tikamva fungo la gasi, titseke silinda, titsegule mazenera, tisakhwatche machesi, tiitane mmisiri. Kuli bwino kusamba madzi ozizira mmawa umodzi kusiyana n'kuotcha nyumba ya makolo athu.